MSEU WA MAU

Mau a munthu safika patali. Munthu akaimirira pa culu nafuula ndi mphamvu zace zonse, amene ali kutsidya la dambo angathe kumva, koma amene ali kuseri kwa phiri sangamve kanthu. Cifukwa ca ici, kuyambira kale lomwe anthu akhala akufunafuna njira zakuti mau ao afike kumene mapazi ao sanafike. Makolo anali kuomba ng'oma kukagwa maliro, ndipo mfumu ikafuna kulankhula ndi mfumu inzace inali kutuma mthenga waliwiro. Pambuyo pace kunadza anthu a mtokoma, amene anali kusenza matumba a makalata kucokera ku boma lina kufikira ku boma lina, nagona pa njira masiku ambiri, kuoloka mitsinje ya ng'ona ndi kupyola m'nkhalango za mikango. Masiku amenewo mai wa ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, akalembera kalata mwana wace wa ku migodi, anali kudikira yankho masabata angapo.

M'caka ca 1844, ku America, Samuel Morse anatumiza uthenga pa waya wa magetsi kucokera ku Washington kufikira ku Baltimore. M'caka ca 1866 sitima yaikulu, dzina lace Great Eastern, inayala cingwe ca lamya pansi pa nyanja ya Atlantic, ndipo anthu a ku Ulaya ndi a ku America anayamba kumvana tsiku lomwelo, osadikiranso sitima. Apa anthu anaphunzira cinthu cacikulu, cakuti mau angathe kuyenda okha, mwini wace atakhala pakhomo pace.

Mdzukulu wa lamya imeneyo ndiye intaneti. Lero mwana wa sukulu aona akulu akuwerenga nkhani, akutumiza ndalama ndi kulankhula ndi abale akutali pa foni ya m'manja. Ena aganiza kuti zonsezi zingouluka mu mphepo, ndipo ena ayesa kuti ndi matsenga. Koma intaneti ndi mseu, monga momwe uliri mseu wa ku Chipata. Unamangidwa ndi manja a anthu, uli ndi mphambano ndi maulalo ace, uli ndi malamulo ace, ndipo nthawi zina umaduka. Wodziwa mamangidwe ace ayendapo mwanzeru.

UKONDE WA MAUKONDE

Kompyuta ikakhala yokha iri ngati nyumba ya pa cilumba: zimene ziri m'katimo zithandiza mwini wace yekha. Koma makompyuta awiri akalumikizidwa ndi waya, angathe kupatsana zimene asunga. Akalumikizidwa ambiri, monga m'ofesi kapena m'cipinda ca makompyuta pa sukulu, apanga ukonde. Ena alumikizidwa ndi waya, ena ndi mafunde a wailesi amene anthu amati Wi-Fi. Foni ya m'manja nayonso ndi kompyuta yaing'ono.

Ukonde wa pa sukulu imodzi ufanana ndi tinjira ta pamudzi, topita kucitsime, kudimba ndi kubwalo. Tinjira timeneti n'tabwino, koma sitingamfikitse munthu ku Lusaka. Kanjira ka pamudzi kayenera kugwera mu mseu wa kuboma, ndipo mseu wa kuboma ugwere mu mseu waukulu. Momwemonso maukonde ang'onoang'ono a masukulu, a zipatala ndi a masitolo alumikizidwa ku maukonde akulu a makampani a lamya, ndipo maukonde a makampani alumikizana okhaokha, dziko ndi dziko. Zonsezi pamodzi ndizo intaneti. Palibe mfumu imodzi kapena kampani imodzi imene iri mwini wace wa intaneti yonse. Ali yense asamala cigawo cace.

M'mbali mwa mseu umenewu muli makompyuta ena amene sazimitsidwa usana ndi usiku. Dzina lao ndi maseva, ndipo nchito yao ndi yonga ya nkhokwe: asunga makalata, zithunzi, mabuku ndi nyimbo. Munthu akatsegula nkhani pa foni yace, foniyo itumiza pempho kwa seva, ndipo seva iyankha potumiza cimene capemphedwa. Nchito yambiri ya pa intaneti ndi yomweyi, kupempha ndi kuyankha.

CINENERO CA ZIZINDIKIRO ZIWIRI

Kodi mau ndi zithunzi zilowa bwanji mu waya? Anyamata awiri, wina pa phiri ili ndi wina pa phiri ilo, angathe kupangana kuti alankhulane usiku ndi nyali. Nyali idziwa zinthu ziwiri zokha, kuyaka ndi kuzima. Koma akapangana bwino kuti kuyaka kotere ndi cilembo cakuti, angathe kuuzana nkhani yonse.

Makompyuta acita comweco. Cinenero cao ciri ndi zizindikiro ziwiri, 1 ndi 0, ndiko kunena kuti kuyaka ndi kuzima. Zizindikiro 8 zikaikidwa pamodzi zipanga baiti imodzi, ndipo baiti imodzi ikwanira kunyamula cilembo cimodzi. Cilembo ca A cilembedwa motere: 01000001. Cithunzi cigawidwa m'timadontho tambirimbiri, ndipo mtundu wa kadontho kali konse upatsidwa nambala yace. Liu la munthu lipimidwa kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo mipimoyo nayonso isanduka manambala. Kotero cimene ciyenda mu mseu wa mau si pepala ai, si liu ai, koma mndandanda wautali wa 1 ndi 0. Ukafika kwa wolandira, foni yace iubweza kuti ukhalenso cithunzi kapena liu.

TIMAPHUKUSI NDI MPHAMBANO

Pa lamya yakale, anthu awiri akamalankhula anali kutenga njira yonse ya waya kukhala yao, ndipo ena anali kudikira kufikira iwo atatha. Ca m'ma 1960 akatswiri awiri, Paul Baran wa ku America ndi Donald Davies wa ku Britain, ali yense payekha, anaganiza njira ina. Anati uthenga udziduladula m'timaphukusi, ndipo timaphukusi ta anthu ambiri tidziyenda mosinthana mu waya mmodzi.

Mlimi wofuna kugulitsa cimanga sasenza nkhokwe yonse kupita nayo kumsika. Athira cimangaco m'matumba, nalemba dzina lace pa thumba liri lonse, ndipo matumbawo akwera ngolo zosiyanasiyana pamodzi ndi matumba a anzace. Uthenga wa pa intaneti uyenda comweco. Kaphukusi kamodzi kawirikawiri sikapitirira mabaiti 1,500, kotero cithunzi cimodzi cingathe kukhala timaphukusi mazana ambiri. Pa kaphukusi kali konse palembedwa keyala ya kumene kakupita, keyala ya kumene kacokera, ndi nambala yosonyeza malo ace pa mndandanda.

Keyala ya kompyuta ndi manambala. Ya mtundu wakale iri ndi manambala anai olekanitsidwa ndi timadontho, monga 192.168.1.1, ndipo nambala iri yonse isapitirire 255. Makeyala otere alipo ngati 4,300,000,000. Poyamba anthu anayesa kuti sadzatha, koma makina atacuruka anapanga mtundu wina wa makeyala aatali koposa. Pakuti munthu sangathe kusunga manambala otere pamtima, m'caka ca 1983 Paul Mockapetris anakonza njira ya maina, dzina lace DNS. Iri ngati buku lalikulu la makeyala: munthu alemba dzina, ndipo makina afunsa m'bukumo napeza nambala yace. Maina a m'Zambia ambiri athera ndi .zm, ndipo a ku Malawi athera ndi .mw.

Pa mphambano iri yonse ya mseu wa mau pali makina amene dzina lao ndi rauta. Munthu woima pa Kapiri Mposhi angathe kuuza mlendo kuti, "Wa ku Ndola apite uku, wa ku Nakonde akhotere uko," ngakhale iye sadziwa khomo la nyumba imene mlendoyo akupita. Rauta nayo iwerenga keyala ya kaphukusi nikapereka kwa rauta inzace ya kutsogolo, ndipo iyo ipereka kwa ina, kufikira kaphukusi kafika. Kumathero kompyuta yolandira iwerenga timaphukusi tonse nitindanda bwino. Ikapeza kuti kamodzi kasowa, sidandaula: ingopempha kuti katumizidwenso.

Nzeru yaikulu ya mamangidwe awa iri pa kucuruka kwa njira. Woyenda pa galimoto kucokera ku Petauke kupita ku Lusaka ayenera kuoloka pa ulalo wa Luangwa, ndipo ulalo umenewo utatsekedwa ulendo ungabvute kwambiri. Koma pamene pali njira zambiri, imodzi ikaduka marauta auzana, ndipo timaphukusi tilambalala kudzera kwina, monga zicita nyerere zikapeza mwala pa njira yao.

MMENE UNAYAMBIRA

Pa 29 Okutobala 1969, wophunzira wina wa pa yunivesite ya ku Los Angeles anayesa kutumiza mau ku kompyuta ya ku Stanford Research Institute, mtunda wonga wa kucokera ku Lusaka kufikira ku Chipata. Anafuna kulemba mau akuti LOGIN. Analemba L, inafika. Analemba O, inafika. Pomwepo kompyuta ya kutsidya inaima. Kotero uthenga woyamba unali wa zilembo ziwiri zokha. Akatswiriwo sanataye mtima. Anakonza, nayesanso usiku womwewo, ndipo zinatheka. Pakutha pa cakaco malo anai anali atalumikizidwa mu ukonde umenewo, dzina lace ARPANET. M'caka ca 1971 Ray Tomlinson anatumiza kalata kucokera pa kompyuta ina kupita pa ina, ndipo ndiye anasankha cizindikiro ca @ cimene cioneka pa makeyala a imelo kufikira lero.

Koma panali bvuto. Maukonde ena anamangidwa m'malo ena, uli wonse ndi malamulo ace, ndipo sanali kumvana, monga anthu a zinenero zosiyana okumana pamsika popanda womasulira. M'caka ca 1974 Vint Cerf ndi Bob Kahn analemba malamulo amene maukonde onse angathe kutsata: mamangidwe a kaphukusi, malembedwe a keyala, ndi zocita kaphukusi kakasowa. Malamulowa dzina lao ndi TCP/IP, ndipo pa 1 Januwale 1983 ARPANET yonse inayamba kuwatsata. Apa ndi pamene pali mtima wa intaneti. Foni yopangidwa ku China imvana ndi seva ya ku London cifukwa cakuti onse anabvomerezana lamulo limodzi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

M'caka ca 1989 Tim Berners-Lee, Mngerezi wogwira nchito pa malo a sayansi a CERN pafupi ndi Geneva, anaganiza njira yolumikizira masamba a nkhani, kuti munthu akakhudza mau pa tsamba lina afike pa tsamba lina. Njirayi ndiyo World Wide Web. M'caka ca 1993 a CERN anaipereka kwaulere kwa anthu onse, ndipo inafala msanga. Anthu ambiri asokoneza zinthu ziwirizi. Intaneti ndiwo mseu. Web, imelo ndi WhatsApp ndi magalimoto oyenda pa mseuwo.

ULENDO WA CITHUNZI

Mtsikana wa ku Katete akatumiza cithunzi ca munda wa nshawa kwa amalume ace a ku London, ulendo wace uyenda motere. Foni isandutsa cithunzico manambala, niciduladula m'timaphukusi. Timaphukusito tiuluka pa mafunde a wailesi kufikira pa nsanja ya lamya imene iri pafupi. Ulendo wa mu mphepo ndi waufupi, makilomita owerengeka okha. Kucokera pa nsanja tipita ku zingwe zokwiriridwa m'mbali mwa miseu, kapena zopacikidwa pamwamba pa mizere ya magetsi. M'kati mwa zingwezi muli ulusi wa galasi wopyapyala ngati tsitsi, ndipo mu ulusiwo muyenda kuwala koyaka ndi kuzima, pa liwiro la makilomita ngati 200,000 pa sekondi imodzi.

Tsono Zambia iribe gombe la nyanja yamcere, koma miseu yaikulu ya mau yolumikiza maiko akutali igona pansi pa nyanja. Cingwe ca SEACOM cinayamba nchito m'caka ca 2009 ndi ca EASSy m'caka ca 2010. Zonse ziwiri zitulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Cingwe ca WACS ca m'caka ca 2012 citulukira ku Swakopmund m'dziko la Namibia. Pakati pa nyanja zingwezi sizinenepa kuposa mpini wa khasu, koma zinyamula mau a mitundu yambiri ya anthu. Kotero timaphukusi ta mtsikana uja tiyenera kupempha njira kwa anansi, kudutsa malire kufikira kugombe, monga ucita mkuwa wa ku migodi popita kudoko. Kenaka timira m'nyanja, tivuuka ku Ulaya, tifika pa seva, ndipo foni ya amalume ilira mtsikanayo asanaike yace pansi.

Sizinali comweci kale. M'caka ca 1974 ku Mwembeshi kunatsegulidwa mbale yaikulu yolankhula ndi masetilaiti okhala makilomita ngati 36,000 kumwamba, ndipo lamya za kunja zinali kudzera kumeneko. Intaneti inafika m'Zambia m'caka ca 1994, kudzera ku Zamnet, imene inabadwira pa Yunivesite ya Zambia, ndipo dzikoli linali limodzi la maiko oyamba mu Africa kulumikizidwa. Njira yoyambayo inali yopapatiza ndi yodula, ya anthu owerengeka.

Mseu wa mau umaduka ndithu. Nangula wa sitima kapena zida za asodzi zingathe kudula cingwe ca m'nyanja. M'mwezi wa Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zinaduka pafupi ndi gombe la South Africa, ndipo ku Tanzania, ku Malawi ndi ku Mozambique intaneti inayenda ngati kamba masiku angapo, cifukwa njira zotsala zinadzaza. Caka comweco, cilala citacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri m'Zambia, ndipo nsanja yopanda magetsi sinyamula mau. Wokumba dzenje mosasamala nadula cingwe, kapena wakuba mabatire a pa nsanja, atsekera njira mudzi wonse, pamodzi ndi cipatala cace.

MSEU SUSANKHA WOYENDAPO

Pali cinthu cimodzi cimene mwana ali yense ayenera kucisunga pamtima. Rauta iwerenga keyala yokha. Sifunsa ngati mau a m'kaphukusi ndi oona kapena abodza. Mseu wa ku Chipata unyamula namwino wopita kwa wodwala, unyamulanso mbala yothawa ndi ng'ombe za eni. Intaneti nayo inyamula mitengo ya fodya ndi thonje, nkhani za mvula, maphunziro ndi moni wa abale. Koma pa liwiro lomwelo inyamula mabodza, matukwano ndi misampha.

Alipo anthu amene atumiza uthenga wakuti, "Mwapambana mphoto, tumizani ndalama pang'ono kuti mulandire." Ena adzinamiza kuti ndi a ku kampani ya lamya, napempha nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni. Agogo amene maso ao saona bwino angathe kutaya ndalama za mbeu tsiku limodzi, ndipo mdzukulu wodziwa ndiye angawachinjirize. Nambala yacinsinsi ndi kiyi ya nyumba: sipatsidwa kwa mlendo, ngakhale alankhule mokoma. Pomva nkhani yodabwitsa, wanzeru ayamba wafunsa kuti, "Wanena ndani? Iye anaziona yekha kodi?" Akasowa yankho, saipititsa patsogolo.

Ndiponso mau otumizidwa sabwerera. Makompyuta akopera cinthu mosabvuta, kotero cithunzi conyoza mnzako cikalowa mu mseu cigona m'nkhokwe zambiri zimene wotumiza sadzaziona. Angathe kufafaniza pa foni yace, koma pa mafoni a ena cikhalabe. Pepani sapoza cilonda.

Mseuwu sunathe kumangidwa. Bungwe la maiko loona za lamya, la ITU, linawerengera kuti m'caka ca 2024 anthu 68 mwa anthu 100 ali onse pa dziko lapansi anali kugwiritsa nchito intaneti. Otsalawo ambiri ndi a m'midzi, kumene nsanja ziri kutali ndipo mtengo wa foni uposa matumba a cimanga. Ndiponso m'nkhokwe za intaneti muli zolembedwa zambiri za m'Cingerezi, koma za m'Cinyanja n'zocepa, pakuti nkhokwe isunga zokhazo zimene anthu athiramo. Nthano za agogo, miyambi, maina a mitengo ndi a mbalame sizidzalowamo zokha. Pafunika anyamata ndi atsikana odziwa masamu kuti adzayale zingwe ndi kukonza marauta, ndi ena odziwa cinenero cao kuti adzalembe zoona ndi zokoma. Anthu a mtokoma aja anali kufikitsa kalata ya mwini osaitsegula ndi osaitaya, ngakhale mvula igwe kapena mtsinje udzale. Matumba ao anatha, koma kukhulupirika kwao kufunikabe kwa ali yense wonyamula foni m'dzanja lace.

MAFUNSO

1. Kodi ukonde wa pa sukulu usiyana bwanji ndi intaneti?
2. Cifukwa ninji uthenga uduladulidwa m'timaphukusi? Palembedwa ciani pa kaphukusi kali konse?
3. Fotokozani nchito ya rauta ndi nchito ya seva.
4. Pezani pa mapu Dar es Salaam, Maputo ndi Swakopmund. Cifukwa ninji malo amenewa ali ofunika kwa anthu a m'Zambia?
5. Lembani kalata yaifupi kwa agogo anu yowacenjeza za anthu opempha nambala yacinsinsi.